Phokoso la pa intaneti limasintha wrestling pokhapokha likalowa m'bwalo

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za masewera a wrestling, amene ambiri kuno timawaonera pa SuperSport, m'mavidiyo sho, ndipo masiku ano pa foni. Nkhani yake ikangoyamba, anthu amagawika pawiri. Ena amati "zabodza izo", nkhani n'kuthera pomwepo. Ena, makamaka achinyamata a pa Facebook ndi TikTok, afika pokhulupirira kuti otsatira ndiwo akulamula tsopano, kuti mukakalipa ndi hashtag usiku umodzi kampani igwada. Onsewa akuphonya. Intaneti yapatsadi otsatira mawu, koma mawuwo ali ndi njira imene ayenera kudutsa kuti asinthe kanthu, ndipo akapanda kuidutsa amangothera m'malere.

Za bodzazo tisatayepo nthawi. Wopambana amadziwika masewera asanayambe, ndipo kampani ya WWE inavomera yokha mu 1989 pamaso pa aphungu a ku New Jersey, pofuna kuchoka m'manja mwa bungwe loyang'anira masewera omenyana. Ndi sewero, monga a pa wailesi aja, kungoti kugwa kwake, kuthyoka khosi ndi kung'ambika minofu n'zenizeni. Mwambo wobisa kuti nkhani n'njolembedwa amautcha kayfabe, ndipo kale unali wolimba moti adani a m'bwalo sankaloledwa kuoneka atakwera galimoto imodzi. Pa 19 May 1996 ku bwalo la Madison Square Garden ku New York, Shawn Michaels, Triple H, Kevin Nash ndi Scott Hall, awiri a mbali yabwino ndi awiri a mbali yoipa, anakumbatirana m'bwalo potsanzikana. Masewerawo sankaulutsidwa pa kanema, koma woonerera wina anali ndi kamera yake ndipo anajambula. Lero kamera yotero ili m'thumba mwa aliyense.

Nanga kampani imamvera kuti? Kuseri kwa katani imene ogwetsana amatulukira kuli kachipinda kotchedwa Gorilla position, dzina lochokera kwa malemu Gorilla Monsoon, wogwetsana wakale. Mmenemo mumakhala mkulu wa nkhani zonse, amene ku WWE kuyambira July 2022 ndi Paul Levesque, Triple H yemwe uja, pamodzi ndi wokonza ndewu iliyonse. Iwo amayankhula ndi woyimbira kudzera m'kachipangizo ka m'khutu, woyimbirayo n'kunong'oneza ogwetsana kuti kwatsala mphindi ziwiri, kapena kuti anthu azizira, fulumizani. Choyamba chimene amamvetsera ndi phokoso la m'masekondi oyambirira nyimbo ya munthu ikalira. Kusangalala amakutcha pop, mkwiyo amautcha heat, ndipo zonse ziwiri n'zamalonda. Choopsa ndi chete. Pambuyo pake amaona malaya a ndani agulidwa kwambiri usiku umenewo, matikiti ayenda bwanji, oonera pa kanema anachuluka kapena kuchepa pa mphindi iti, ndi kuti kanema wa ndani waonedwa kwambiri pa YouTube, kumene WWE inadutsa otsatira 100 miliyoni mu 2024. Hashtag imabwera kumapeto kwa mndandanda umenewu, chifukwa kuilemba n'kwaulere ndipo munthu mmodzi akhoza kuilemba kakhumi.

Nkhani ya Daniel Bryan ikuonetsa bwino mmene njirayo imayendera. Pa WrestleMania ya 2012, masewera aakulu koposa a WWE pachaka, anagonjetsedwa ndi Sheamus m'masekondi 18. Otsatira a pa intaneti, amene ankamudziwa kuyambira ali m'makampani ang'onoang'ono monga Ring of Honor, anaona ngati chipongwe. Akanangodandaula pa Twitter, sizikanapita patali. Koma anatenga mfuu yake ya "Yes! Yes!" n'kulowa nayo m'mabwalo, mzinda ndi mzinda, mpaka kumaifuula pa ndewu zimene iye mulibemo. Pa Royal Rumble ya January 2014 ku Pittsburgh, kampani sinamuike n'komwe pa anthu 30 olimbirana mwayi wa lamba. Wa nambala 30 atatuluka n'kupezeka kuti ndi Rey Mysterio, munthu wokondedwa chikhalire, bwalo lonse linamukuwiza, ndipo Batista amene anapambana anamukuwiza koposa. Apa vuto linali litalowa m'katundu wogulitsidwa. Pulogalamu ikamaulutsidwa pompopompo, phokoso la anthu zikwi khumi ndi zingapo silibisika bwinobwino; akhoza kutsitsa maikolofoni a m'bwalo, koma oonera kunyumba amazindikira, ndipo mavidiyo a pa foni amatuluka usiku womwewo. Pa 10 March kampani inasandutsa chionetserocho kukhala gawo la sewero, n'kudzaza bwalo ndi anthu ovala malaya a Bryan. Pa 6 April ku New Orleans, Bryan anagonjetsa Triple H koyambirira kwa usiku, kenako Batista ndi Randy Orton kumapeto kwake, n'kutenga lamba. Tisaiwale kuti CM Punk anali atangochoka pakampanipo mu January momwemo, choncho panali mpata wofunika kutseka. Mwayi nawonso umathandiza.

Chaka chotsatira otsatira anayesa zomwezo, zinakanika. Roman Reigns atapambana Royal Rumble ya 2015 ku Philadelphia anamukuwiza, ngakhale The Rock atabwera kudzamukweza dzanja, ndipo hashtag youza anthu kusiya kulipira WWE Network, njira yoonera masewera a kampaniyi pa intaneti, inafalikira dziko lonse lapansi. Patangopita masiku awiri kampani inalengeza kuti olipira afika 1 miliyoni. Reigns anapitirira kukhala m'ndewu zikuluzikulu, ndipo sanamusandutse woipa mpaka August 2020. Chifukwa chake chili m'kaundula wa ndalama. Kale masewera akuluakulu ankagulidwa limodzilimodzi, ndiye anthu akakwiya n'kusiya kugula, mwezi womwewo thumba linkapepuka. WWE Network itayamba mu February 2014 pa madola 9.99 pamwezi, wokwiya uja ankadandaula koma osasiya kulipira. Kenako ndalama zazikulu zinayamba kuchokera kwa oulutsa: Peacock inatenga Network ya ku America mu 2021, ndipo Netflix inagwirizana zolipira madola oposa 5 biliyoni pa zaka 10, Raw, pulogalamu ya WWE ya Lolemba lililonse, n'kuyamba kuonetsedwa kumeneko pa 6 January 2025. Ndalama zoterezi zimalowa kaya mwasangalala kaya mwanyansidwa. Palinso china: okwiya a 2014 ankadziwa munthu amene akumufuna, pamene a 2015 ankangodziwa amene sakumufuna. Olemba nkhani akhoza kugwira ntchito ndi choyambacho. Chachiwiricho amangochiwerengera ngati heat.

Taonani February 2024. Cody Rhodes anapambana Royal Rumble, koma pa pulogalamu ya SmackDown ya pa 2 February anaoneka ngati wapereka kwa The Rock mwayi wake wokumana ndi Reigns, amene anali ndi lamba. Kanema wa gawo limenelo pa YouTube anthu anamudinda zala zoyang'ana pansi zochuluka kwambiri, "We want Cody" inafalikira, ndipo Lolemba lotsatira mawu omwewo anamveka m'bwalo la Raw. Pa 8 February ku Las Vegas zinthu zinali zitatembenuka: Cody anasankha Reigns, The Rock anamuwomba mbama n'kulowa mbali yoipa, ndipo Cody anatenga lamba pa 7 April ku Philadelphia. Kuchoka pa 2 kufika pa 8 February ndi masiku asanu ndi limodzi okha. Pempho linali limodzi, dzina linali limodzi, linafika m'bwalo, ndipo kulimvera kunkabweretsa nkhani yokoma kuposa yoyamba ija. R-Truth nayenso, atalengeza pa 1 June 2025 kuti kampani simuwonjezera mgwirizano, mabwalo anamuitana mpaka anabwerera pa 7 June.

Zina zimachedwa. Hashtag ya #GiveDivasAChance inabadwa mu February 2015 ndewu ya amayi itatha m'masekondi pafupifupi 30, koma panatenga zaka zinayi kuti Becky Lynch, Charlotte Flair ndi Ronda Rousey apatsidwe ndewu yaikulu yotsekera WrestleMania mu 2019, ndipo pofika apo Rousey anali ataonetsa kale ku UFC, kampani ya ndewu zenizeni, kuti mayi akhoza kugulitsa matikiti. Usiku womwewo Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana, anatenga lamba wamkulu wa WWE. Iye analowa m'nkhaniyo mongotseka mpata Mustafa Ali atavulala miyezi iwiri m'mbuyomo, n'kulimba pafupifupi ola lathunthu m'ndewu yosinthanasinthana adani, otsatira n'kumunyamula kuyambira pamenepo. Koma cholembera chinali chidakali m'manja mwa kampani. Mu October chaka chomwecho Brock Lesnar anamulanda lambayo m'masekondi osakwana 10.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ogwetsana eniake kufikira otsatira popanda kudutsa kwa bwana. Zack Ryder anayamba pulogalamu yake pa YouTube mu 2011, kampani itamuiwala. Anthu anayamba kufuula dzina lake ndi kugula malaya ake, mu December n'kupatsidwa lamba wa United States. Pasanathe miyezi iwiri lambayo anali atapita, ndipo Kane anali akumukankhira pansi kuchokera pa nsanja ali pa njinga ya olumala. Dzina loti Zack Ryder linali la kampani, nthawi ya pa kanema inali ya kampani, ndiye kutchuka kwake kunalibe pogwira. Abale awiri a Young Bucks anachita zofanana kuyambira 2016 ndi pulogalamu yawo ya Being The Elite, koma iwo maina anali awo ndipo phindu la malaya linkalowa m'thumba mwawo. Mu 2017 mtolankhani Dave Meltzer, amene wakhala akulemba Wrestling Observer Newsletter kuyambira 1982, anayankha munthu pa Twitter kuti Ring of Honor singadzaze bwalo la anthu 10,000 posachedwa. Cody Rhodes anati tiyeni tibetcherane. Matikiti a All In, masewera amene iye ndi a Young Bucks anakonza, anatha pasanathe mphindi 30, ndipo pa 1 September 2018 anthu 11,263 anadzaza Sears Centre kufupi ndi Chicago. Chiwerengero chimenecho chinaonetsa kuti msika ulipo, AEW, kampani yatsopano ya wrestling ya Tony Khan, n'kubadwa mu January 2019. Njira yomweyi ikugwira ntchito ngakhale kuno ku Africa: anyamata ndi atsikana a Soft Ground Wrestling ku Mukono, ku Uganda, amene amagwetsana m'matope pa bwalo la nsungwi ndi zingwe, anatchuka mu 2024 chifukwa cha mavidiyo afupiafupi mpaka ogwetsana otchuka akunja kuwatumizira thandizo.

Zimene zimalakwika n'zitatu, ndipo sizilemera mofanana. Chopepuka ndi mphekesera. Masamba ambiri amangokopera zimene Meltzer kapena wina wanena, n'kuchotsa mawu oti "mwina", ndipo makampani anaphunzira kudontheza nkhani dala kuti asocheretse anthu kapena kuyesa mmene alandirire. Chachiwiri ndi ndewu yokonzedwa kuti ikhale kanema wa masekondi 15: munthu amadumpha kuchokera pamwamba pa makwerero kugwera pa thebulo kuti afalikire, osati chifukwa nkhani yafika pamenepo, ndipo msana umalipira. Cholemera koposa ndi chakuti otsatira ena amalephera kusiyanitsa munthu ndi gawo limene akusewera. Nthawi ya "We want Cody", mwana wamkazi wa The Rock, amene ankagwira ntchito ku NXT, nthambi ya WWE, ndi dzina loti Ava, ananena poyera kuti akulandira mauthenga omuopseza kuti amupha, pa nkhani imene sanalembe ndi iye. Ku Japan, Hana Kimura wa kampani ya Stardom anamwalira pa 23 May 2020 ali ndi zaka 22, atazunzidwa ndi mauthenga achipongwe chifukwa cha pulogalamu ya pa kanema ya Terrace House. Mu 2022 dziko la Japan linakhwimitsa lamulo la kunyoza, chilango n'kufika chaka chimodzi kundende kapena chindapusa cha mayeni 300,000. Kukuwiza woipa m'bwalo ndi kumulipira ntchito yake. Kumutsata pa foni usiku ndi nkhanza basi.

Ife a kuno tili kutali ndi mabwalo amenewa. WWE inafikako ku South Africa mu April 2018, koma Raw ya mlungu ndi mlungu sitingaikuwize. Chimene chimawerengedwa kuchokera kwa ife ndi kuonera pa masamba enieni a makampaniwa ndi pa oulutsa ovomerezeka. Kanema wobedwa wa pa WhatsApp, ngakhale aonedwe ndi mudzi wonse, salowa m'kaundula wa aliyense.

Pempho lathu kwa inu, Akonzi, ndi la tsamba la zamasewera. Mukamalemba za wrestling, nenani momveka ngati chinthu chili cha m'sewero kapena cha kunja kwake, chifukwa kuvulala ndi kuchotsedwa ntchito zimapezeka mbali zonse ziwiri. Mphekesera itchuleni kuti ndi mphekesera, pamodzi ndi amene anaiyamba. Ndipo musaike dzina la wopambana pa mutu wa nkhani m'mawa. Raw ikayamba 8 koloko madzulo ku New York, kuno imakhala 2 koloko usiku, kapena 3 koloko pakati pa November ndi March, choncho owerenga anu ambiri amakhala akudikira kuionera madzulo akaweruka kuntchito.

Otsatira masewera a wrestling,
Lilongwe