Mubwere nthawi ya dzinja, mudzaone nokha

Area 25, Lilongwe

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira, pamodzi ndi kavidiyo ka msewu kaja. Ndinaseka mpaka anyamata a pa shopu kundiyang'ana. Munthu wa ku Johannesburg kumuonetsa Lilongwe munthu wa ku Area 25! Kuno tadzuka. Alamu anu anavutikako ndi chimfine sabata yatha koma achira, ana akupita kusukulu. Mayi anu ndinakumana nawo pamaliro ku Lumbadzi, ngolimba ndithu, akungodandaula miyendo basi.

Tsono funso lanu lija, loti mubwerere kumudzi tiphatikize ndalama tikulitse shopu yowotcherera, popeza mwaona kuti dziko lasintha. Sindikuyankhani mothamanga, kuopa kuti mungagulitse katundu kumeneko podalira pakamwa panga, mawa n'kudzandigwira pakhosi.

Msewuwo ulipodi, sanaujambule pa kompyuta ayi. Ndi uja tinkautcha Kenyatta, wochoka ku Nyumba ya Malamulo kutsikira ku tawuni. Pano ndi wa mizere isanu ndi umodzi, ndipo anaupatsa dzina la malemu a Saulos Chilima. Pa Area 18, paja minibasi inkaima mpaka kondakitala kuyamba kusinza, pali mlatho, magalimoto ena pamwamba ena pansi. Ndikanyamula geti kukapereka kwa kasitomala ku Area 3 ndimafika dzuwa lisanatenthe. Amene anganene kuti palibe chimene chachitika, ameneyo ndi wanjiru chabe.

Koma geti lisanakwere pagalimoto limayamba lawotchereredwa, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Inu munali mutachoka kale pamene namondwe Ana anagumula ku Kapichira mu Januwale 2022. Makina onse a kumeneko anaima, mamegawati pafupifupi 130 n'kusowa kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichirako, ndiye Shire akatsokomola ife kuno timagona ndi njala. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito usiku ngati mfiti. Magetsi akayaka pakati pa usiku ndinkadzutsa anyamata, gilayinda n'kuyamba kulira, aneba n'kumatukwana m'mabulangete. Pano zasinthako, sindinama. Ku Salima kuli magetsi a dzuwa a mamegawati 60, ndipo za damu latsopano la Mpatamanga timazimva pa wailesi pafupipafupi. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mpaka lero pali masiku ena oti ndimatsegula shopu m'mawa n'kutseka madzulo osayatsa rodi ngakhale imodzi. Mukati tigule jenereta, yokoka makina owotcherera imamwa mafuta ngati chidakwa, ndipo mafutawo nthawi zina timachita kuwagonera pamzere.

Chitsulo, marodi, penti, zonse ndi zochokera kunja. Kwacha atangoichepetsa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinali nditalandira kale ndalama ya mabagalabazi a nyumba yonse ya munthu wina pa mtengo wakale. Ndinamaliza ntchitoyo ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Marandi anu pamenepa ali ndi mphamvu, zimenezo n'zoona, koma akangosanduka makwacha amayamba kusungunuka ngati athu omwe.

Pali china chimene ndinachizindikira mochedwa. Magetsi akavuta, kapena akadula, tonse timathamangira makala, kuyambira ine wowotcherera mpaka mabwana a ku Capital Hill. Makala ambiri a mu Lilongwe muno amachokera ku Dzalanyama, amabwera panjinga m'bandakucha atasanjikizana kuposa mutu wa wopalasa. Ku Dzalanyama komweko n'kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a m'mipopi yathu. Zinafika poti asilikali anatumizidwa kukalondera mitengo. Ndiye mbaula imene alamu anu amaphikirapo nyemba ndi yomweyo imene ikuumitsa mpopi wawo, ndipo akadzuka 3 koloko usiku kukatchera zigubu satukwana mbaula ayi, amatukwana boma. Inenso ndimawathandiza kutukwanako, kwinaku ndikupemerera moto.

Mzindawu unakhala likulu mu 1975. Pa kalembera wa 2018 tinali kale pafupifupi 990,000, ndipo kuchokera pamenepo anthu sanasiye kubwera. Pitani ku Mtandire, ku Mgona, ku Chinsapo, ku Kauma, mukaone kumene ambiri a ife tikukhala, kumene madzi amagula pa kiyosiki ndi ndowa. Kolera wa 2022 ndi 2023 atavuta, sanafunse kuti msewu wanu ndi wa mizere ingati.

Ndikuuzeni za ngalande ya kuseri kwa shopu. Chaka chatha inatsekeka ndi mchenga, majumbo ndi matewera a ana. Mvula yoyamba yamphamvu, madzi analowa m'shopu kufika m'akakolo, makina anga aakulu aja ananyowa, kukonzetsa kwake ndinachita kukongola. Ndinavala malaya abwino n'kupita ku ofesi ina kukadandaula. Anati msewu umenewo si wawo, ndipite kwakuti. Kwakutiko anati ngalande ndi nkhani ya kumene ndachokerako. Nditabwerera, anati bwana woona zimenezo ali ku msonkhano ku nyanja, ndibwere Lolemba. Malolemba atatu anapita. Mapeto ake tinasonkherana, ine, wa butchala, mayi wa saluni ndi wokonza njinga zamoto za kabaza, n'kulemba aganyu anayi. Masiku awiri ngalande inayera. Ndalama yake sinafike n'komwe pa mtengo wa geti limodzi. Chimene chinandiwawa n'choti laisensi ya bizinesi ndimalipira chaka ndi chaka, amayi a pamsika amadula tikiti tsiku lililonse, koma fosholo tinakagula tokha.

Patangotha sabata ndinapeza mnyamata akukhuthulira zinyalala momwemo. Nditamufunsa anati, "Inu bambo, ngalandeyi ndi yanu? Si za boma izi?" Ndinafuna kumukwapula, koma ndinakumbukira kuti inenso tsiku lina ndinagulapo chitsulo chotchipa kwa munthu wina, ndikuona bwinobwino kuti chili ndi mabowo a mabauti a chikwangwani cha pamsewu. Ndinapangira felemu ya chitseko. Pano oterewo ndimawabweza, koma felemuyo ilipo penapake ku Area 49.

Ine mmene ndikuonera, boma lathu limadziwa kumanga, makamaka chinthu chachikulu choti munthu akadule riboni. Chimene sitinaphunzire ndi kusamala chomangidwacho, komanso kuika munthu mmodzi wodziwika woti ngalande ikatsekeka tizimuloza chala. Pa pepala munthuyo alipo, ndi khansala ndi khonsolo yake. Lamulo la maboma ang'onoang'ono linabwera mu 1998, makhansala tinasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zinatiphunzitsa kuti chilichonse n'cha phungu: mlatho phungu, mjigo phungu, bokosi la maliro phungu. Thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, lija la CDF, litayamba mu 2006 linangokhomerera maganizo omwewo. Mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu asamayendetse thumbalo kapena kuvota m'makhonsolo, ndipo boma limene linalowa chisankho cha Sepitembala chaka chomwecho chitatha linalonjeza kulikweza kufika K5 biliyoni pa dera lililonse. Ndalama yotere ikhoza kukonza ngalande zonse za kuno, zipatala zazing'ono n'kuikamo ndi madzi omwe. Ikhozanso kusowa ngati mmene zinasowera za Cashgate mu 2013, kungoti ulendo uno zikusowera pafupi.

Ine sindipempha zambiri. Aike bolodi pamsika, alembepo kuti kwabwera ndalama zakuti, zipita ku ntchito yakuti, kontirakitala ndi uje, amaliza mwezi wakuti. Lamulo lotilola kufunsa zoterezi lakhala likugwira ntchito kuyambira 2020, koma ndi angati a ife amene tinayesapo? Ife a ngalande aja tagwirizana kuti tizipita ku misonkhano ya chitukuko ya m'dera lathu mosinthana. Ulendo woyamba ndinapita ine. Tinalipo anthu owerengeka, ambiri agogo, ndipo ena ananyamuka atangomva kuti kulibe alawansi. Komabe ndinafunsa za ngalande, ndipo analemba m'buku ndikuona.

Ndiye yankho langa ndi ili, achimwene. Ntchito yanu musasiye, katundu musagulitse. Tengani tchuthi mubwere, koma osati mu Ogasiti pamene kunja kuli gwa ndipo aliyense akumanga. Mubwere mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati, makasitomala atathera ndalama ku fetereza ndi fizi. Mudzakhale nane pa shopu masabata awiri, tizidzawerenga limodzi maola amene makina alira ndi amene angokhala. Mukadzaona kuti mtima wanu ukupirira, tidzakambirana za makina atsopano ndi malo aja a ku Kanengo.

Pobwera munditengereko chipewa chowotcherera chija chimada chokha moto ukayaka, maso anga ayamba kuvuta usiku. Madisiki a gilayinda nawonso, ngati m'chikwama mungatsale malo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi anu ndikawaonanso Loweruka likubwerali, ndikawatengera mafuta opaka miyendo aja.

Ndine mnzanu wa pa shopu.