Akazi Atatu Amene Amuna Anawamva Molakwa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi onse a pabanja panu. M'kalata yanu munandifunsa chifukwa chimene ndimabwererabe ku nkhani zazifupi zimene azimayi a ku America analemba zaka zoposa zana zapitazo, pamene malamulo ambiri amene ankamanga mkazi wokwatiwa anasintha kalekale. Chimene chimandigwira mtima m'nkhani zimenezi n'chakuti udindo wofotokoza zimene zikuchitika mumtima mwa mkazi umakhala m'manja mwa amuna, ndipo amunawo amafotokoza molakwa ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akunena zoona.

Ndiyambe ndi "The Story of an Hour" ya Kate Chopin, imene inatuluka koyamba m'magazini ya Vogue mu 1894. Louise Mallard ali ndi nthenda ya mtima, choncho mchemwali wake Josephine akumuuza mozungulira ndi mosamala kuti mwamuna wake Brently wafa pangozi ya sitima yapamtunda. Louise akulira nthawi yomweyo, kenako akukadzitsekera m'chipinda chake n'kukhala pampando woyang'ana zenera lotsegula. Kunjako mitengo ikuphuka, mpweya ukununkhira mvula, wamalonda akuitanira mumsewu ndipo mpheta zikulira padenga. Ali chikhalire, ganizo lina likumubwerera limene poyamba akuyesetsa kulikankha, koma likumugonjetsa mpaka milomo yake ikunong'ona yokha kuti tsopano ndi mfulu.

Pamenepa ndipo ndimapempha aliyense awerenge mofatsa, pakuti Chopin sanamupatse Louise mwamuna wankhanza. Louise akudziwa kuti adzaliranso akadzaona manja okoma mtima aja atapindidwa mu imfa, ndipo akuvomereza kuti nkhope ya Brently sinamuyang'anepo popanda chikondi. Chimene chikumuchokera paphewa ndi chifuniro cha munthu wina chimene chinkapinda chifuniro chake tsiku ndi tsiku, ndipo nkhaniyo ikunena poyera kuti amuna ndi akazi omwe amadziona kuti ali ndi ufulu wochita zimenezi kwa mnzawo, komanso kuti cholinga chabwino sichichepetsa kulakwako. Dzulo lake Louise ankanjenjemera poganiza kuti moyo ungakhale wautali, koma lero akupemphera kuti utalike. Kenako akutsika pamakwerero, chitseko chikutseguka, Brently akulowa wamoyo, sanamve n'komwe za ngoziyo, ndipo Louise akufa pomwepo. Madokotala akubwera n'kunena kuti chamupha ndi chimwemwe. Ife amene tinali naye m'chipinda muja tikudziwa kuti chamupha ndi kutha kwa chiyembekezo chimene anali atangochigwira kumene, koma m'nyumbamo mulibe mmodzi amene adzadziwe.

Kuti mumvetse chifukwa chimene umasiye ukuonekera ngati khomo lotulukira, kumbukirani kuti malamulo akale a ku England, amene America inatengera, ankaona mwamuna ndi mkazi wake ngati munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo anali mwamuna. Boma la New York linalola akazi okwatiwa kusunga chuma m'dzina lawo mu 1848, ku England lamulo lokwanira pankhaniyi linadza mu 1882, ndipo ufulu wovota m'dziko lonse la America akazi anaulandira mu 1920. Chopin mwiniwake anamwaliridwa mwamuna mu 1882, natsala ndi ana asanu ndi mmodzi pamodzi ndi ngongole, choncho umasiye ankaudziwa mbali zake zonse.

Nkhani ya Charlotte Perkins Gilman yotchedwa "The Yellow Wallpaper", ya mu 1892, ikutenga mwamuna ndi dokotala n'kuwaphatikiza kukhala munthu mmodzi. Mkazi amene akusimba nkhaniyi wadwala maganizo atabereka, ndipo mwamuna wake John, yemwe ndi dokotala, wabwereka nyumba yaikulu kumudzi kuti mkaziyo akapumule. Akumuika m'chipinda cham'mwamba chokhala ndi zitsulo m'mazenera ndi bedi lokhomeredwa pansi, akumuletsa kulemba ndi kucheza ndi abale amene iye akuwafuna, ndipo akati anene kuti sakupeza bwino, John amamuseka mwachikondi n'kumutchula mayina oitanira mwana wamng'ono. Poti alibenso china choti awerenge, mkaziyo akuyamba kuwerenga pepala lachikasu lomatidwa pakhoma, mpaka akuona mkazi wina kuseri kwa mizere yake akugwedeza mizereyo kuti atuluke. Pamapeto akusenda pepalalo, akukwawa mozungulira chipinda, ndipo John akukomoka atamuona.

Gilman analemba zimene anaziona yekha. Mu 1887 anathandizidwa ku Philadelphia ndi dokotala wotchuka Silas Weir Mitchell, amene anamulangiza kuti azikhala pakhomo, asapitirire maola awiri patsiku pantchito yogwiritsa ubongo, ndiponso asadzagwirenso cholembera, ndipo mu 1913 Gilman anafotokoza kuti malangizowo anangotsala pang'ono kumupengetsa. Alipo owerenga amene amati mapeto a nkhaniyi ndi chipambano, poti mwamuna wagwa ndipo mkazi akumudumpha. Ine sindigwirizana nawo, achemwali, chifukwa munthu amene akukwawa atataya nzeru sanapambane kanthu. Gilman akutisonyeza mtengo umene munthu amalipira pamene onse omuzungulira, amene akumukondadi, atsimikiza kuti mawu ake onena za thupi lake ndi mtima wake alibe ntchito.

Yachitatu ndiyo imandivuta kwambiri. Susan Glaspell anali mtolankhani ku Iowa, kumene analemba za mlandu wa Margaret Hossack, amene ankaganiziridwa kuti anapha mwamuna wake mu 1900. Patapita zaka analemba sewero la Trifles mu 1916, ndipo mu 1917 analisandutsa nkhani yaifupi yotchedwa "A Jury of Her Peers". M'nkhaniyi mlimi John Wright wapezeka atafa pabedi, chingwe chili m'khosi, ndipo mkazi wake Minnie wamangidwa. Mkulu wa apolisi, loya wa boma ndi mlimi woyandikana nawo akufufuza m'chipinda chogona ndi m'khola kuti apeze chimene chikanachititsa mkaziyo kupha, koma kukhitchini akungodutsa akuseka kuti mulibe kanthu koma tizinthu ta azimayi.

Mayi Hale, mkazi wa mlimi woyandikana nawo uja, ndi Mayi Peters, mkazi wa mkulu wa apolisi, amene atsala kukhitchiniko kuti atengere Minnie zovala, ndiwo akuona zonse. Akuona tebulo lopukutidwa theka, chofunda cha zigamba chimene kasokedwe kake kanali kolongosoka kenako n'kusokonekera mwadzidzidzi, ndi kakhola ka mbalame kothyoka chitseko. M'kabokosi kokongola akupezamo kambalame koimba katakulungidwa m'kansalu kasilika, khosi lake litapotoledwa. Mayi Hale akukumbukira kuti Minnie ali mtsikana ankaimba kwaya ndipo ankavala zowala, koma zaka makumi awiri za m'nyumba yopanda ana ndi yopanda alendo zinamuzimitsa. Anthu ankati John Wright ndi munthu wabwino chifukwa sankamwa mowa ndipo ankabweza ngongole zake, koma palibe amene anafunsa kuti kukhala naye m'nyumba imodzi kunali kotani. Akaziwo akubisa mbalameyo m'thumba la chikhoti cha Mayi Hale, ndipo amuna aja akubwerera akusekabe, opanda umboni umene amaufuna.

Apa Glaspell wachita zimene Chopin ndi Gilman sanachite, pakuti wapatsa mkazi wovutikayo anthu ena omumvetsa, ndipo anawapatsa pa nthawi imene akazi a ku Iowa sankaloledwa kukhala m'gulu loweruza milandu. Komabe munthu wafa, ndipo umboni wabisidwa. Sindikhulupirira kuti Glaspell ankafuna kuti tiombe m'manja mopepuka, chifukwa anatenga nthawi yaitali akutionetsa kulimbana kwa Mayi Peters, mkazi wa mkulu wa apolisi uja, amene poyamba akuumirira kuti lamulo liyenera kulanga wolakwa. Chimene chikumutembenuza ndi zokumbukira ziwiri: kamphaka kake kamene mnyamata wina anakapha ndi nkhwangwa iye akuona ali mtsikana, ndi bata loopsa limene linali m'nyumba mwake ku Dakota mwana wake woyamba atamwalira. Akuzindikira mkwiyo wa Minnie ndi kusungulumwa kwake chifukwa anazilawapo zonse ziwiri, chinthu chimene khoti la amuna okhaokha silikanachita.

Inu mwakhala mukunena kuti chilungamo chiyenera kuchitikira poyera, choncho ndikufunitsitsa kumva ngati mukuona kuti Mayi Peters analakwa kapena ayi. Mukaiwerenga nkhaniyi mundilembere, ndipo mupereke moni wanga kwa onse kumeneko.

Ndine mnzanu wokukondani.