Aphungu atipangire lamulo la inshuwalansi ya nyumba

A Mkonzi,

Ndikulemba kalatayi ndili ku Chilobwe, kumene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba za anthu mu Marichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy yemwe adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Mlamu wanga adapulumuka, koma nyumba yomwe adamanga pang'onopang'ono ndi ndalama za geni ya tomato idangotsala maziko ndi malata opindikapindika. Kumsasa adalandira ufa, bulangete ndi ndowa, ndipo tikuthokoza kwambiri, koma mpaka lero akuchita lendi kachipinda kamodzi ndi ana ake.

Pempho langa kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi lakuti akhazikitse lamulo la inshuwalansi ya nyumba yotsamira pa boma, yoti izilipira munthu nyumba yake ikagwa ndi madzi osefukira, mphepo yamkuntho kapena chivomerezi. Makampani a inshuwalansi alipo, koma munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe, amene alibe ngakhale chikalata cha umwini wa malo, safikako n'komwe. Komanso ngozi ikagwetsa nyumba zambirimbiri usiku umodzi, kampani payokha singathe kulipira onse, n'chifukwa chake boma liyenera kuima kumbuyo kwa thumba la ndalama za inshuwalansiyi.

Zimenezi si zachilendo. Dziko la France lili ndi lamulo lotere kuyambira 1982, ndipo dziko la Turkey lidakhazikitsa thumba lake chitachitika chivomerezi cha 1999. Nalo boma lathu lidalandirapo kale ndalama za inshuwalansi ya chilala kuchokera ku African Risk Capacity, bungwe la maiko a mu Africa loona za inshuwalansi ya ngozi zogwa mwachilengedwe.

Chopereka chikhale chochepa, choti mayi wogulitsa mandasi angathe kutumiza mwezi ndi mwezi pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mafumu ndi makhansala athandize kulemba nyumba m'kaundula, pakuti ndiwo amadziwa mwini wa nyumba iliyonse. Omanga m'malo otetezeka azilipira zochepa kuposa okakamira m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kasungidwe ka ndalamazo. Anthu sangasonkhe ngati akukayika kuti thumbalo lidzagwira ntchito zina, choncho lamulolo linene poyera kuti Reserve Bank of Malawi iziliyang'anira, ndiponso litchule masiku amene munthu ayenera kudikira asanalandire chipukuta misozi chake.

Nzika yokhudzidwa,
Chilobwe, Blantyre