Afoinike anali akatswiri apanyanja, koma mpanda wa Zimbabwe si wawo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa uthenga umene ukuzungulira m'mafoni kuno ku Angónia. Uthengawu ukuti mipanda yamiyala ya ku Great Zimbabwe inamangidwa ndi Afoinike, ndiponso kuti anthuwa ankakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Tete kudzatenga golide wa Mfumu Solomo. Mwana wa mlongo wanga, amene amapikulitsa mbatatesi pamsika wa Ulongwe, anandiwerengera maso ali gwa: "Malume, kani anthu a m'Baibulo anafika kwathu kuno?" Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma, ndipo bodza limeneli ndikulidziwa bwino. Linabadwa agogo athu asanabadwe, lero langovala malaya atsopano.

Sindikunyoza Afoinike ayi. Kwawo kunali kachigawo kopyapyala pakati pa mapiri ndi nyanja ya Mediterranean, kumene lero kuli Lebanon. Analibe mfumu imodzi. Mizinda ya Tyre, Sidon ndi Byblos uliwonse unkadzilamulira wokha. Owerenga Baibulo amaidziwa iwiri yoyambayo kuti Turo ndi Sidoni, ndipo Hiramu amene anatumizira Solomo mitengo ya mkungudza yomangira kachisi anali mfumu ya Turo. Minda inali yochepa, mitengo yokhomera zombo inali mbwee. Nanga akanatani? Analowa m'madzi.

Malonda awo otchuka anali nsalu zofiirira. Utoto wake ankaufinya ku tinkhono tam'nyanja, timene ankatiswa n'kutisiya m'mitsuko kuti tiwole, fungo lake losayandikirika. Katswiri wina wa ku Ulaya atayesa mu 1909, anaswa nkhono 12,000 n'kupeza utoto wosakwana magalamu awiri. N'chifukwa chake nsaluyo inkavalidwa ndi mafumu okha ndi anthu olemera. Ankanyamulanso vinyo, mafuta a azitona, magalasi ndi zosemasema za minyanga ya njovu, pobwerera n'kutenga mkuwa ku Cyprus ndi siliva ku Spain. Silivayo sanali wa umbombo wokha: mafumu a Asuri ankawakhometsa msonkho wolemera, ndipo ankafuna chitsulo chamtengo wapatali.

Kakhazikitsidwe ka midzi yawo kunja kanali kochenjera. Sankayamba ndi kulanda dziko lalikulu. Ankasankha kachilumba kapena kansonga ka mtunda pafupi ndi gombe, poti zombo zingakocheze bwino ndipo mdani sangafike msanga. Ankachita ngati wageni wa pamalire a Calómuè amene amayamba ndi kabenchi, kenako okala, mapeto ake waitana mkazi ndi ana. Umo ndi mmene anayambira Gadir, umene lero ndi Cádiz ku Spain, Motya ku Sicily, ngakhalenso Mogador kugombe la Morocco. Waukulu pa yonse unali Carthage, ku Tunisia wa lero, umene mbiri imati unakhazikitsidwa ndi anthu a ku Tyre m'chaka cha 814 Khristu asanabadwe. Mwanayo anakula kuposa make, mpaka kulimbana ndi Aroma nkhondo zitatu. Ndipo zilembo ndikulembera kalata inozi ndi zidzukulu za zilembo 22 za Afoinike, zimene Agiriki anatengera n'kupatsira Aroma.

Tsono pali nkhani imodzi imene imatiyandikira, ndipo ndikuganiza kuti ofalitsa uthengawo akuimva mwatheka. Herodotus, wolemba mbiri wa Chigiriki, anasimba kuti Farao Necho wa ku Egypt, cha m'ma 600 Khristu asanabadwe, anatuma amalinyero Achifoinike kuti azungulire Africa. Ananyamukira pa Nyanja Yofiira kulowera kummwera. Kamba akatha ankakocheza, kulima, kudikira kukolola, n'kupitiriza ulendo, ndipo m'chaka chachitatu anatulukira ku Gibraltar n'kubwerera ku Egypt. Herodotus sanakhulupirire chinthu chimodzi: amalinyerowo ankati pozungulira kummwera, dzuwa linali kudzanja lawo lamanja. Ife kuno sitingadabwe nazo. Tulukani panja masana mwezi wa Juni, muyang'ane kolowera dzuwa: dzuwalo likhala kumanja kwanu, chithunzithunzi chanu chigwera kumanzere. Chimene mkuluyo anachiyesa bodza ndicho chimapangitsa akatswiri ambiri kuganiza kuti ulendowo unachitikadi. Ngati n'choncho, zombozo zinadutsa kugombe lathu la Mozambique, pafupi ndi mathiriro a Zambezi. Koma kudutsa pakhomo la munthu si kumumangira nyumba.

Tiwerengere zaka. Aroma anagwetsa Carthage m'chaka cha 146 Khristu asanabadwe. Mipanda ya Great Zimbabwe inamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1450 Khristu atabadwa. Pakatipo pali zaka zoposa 1,200. Kodi anthu amene mizinda yawo inali itagwa kalekale anadzuka kumanda kudzasanja miyala?

Bodzali lili ndi eni ake. Apwitikizi oyambirira atafika ku Sofala ankalota kuti apeza Ofiri, dziko la golide wa Solomo. Karl Mauch wa ku Germany ataona mipandayo mu 1871 anaigwirizanitsa ndi mfumukazi ya ku Seba. Mu 1891 Theodore Bent, mothandizidwa ndi kampani ya mtsamunda wa ku Britain Cecil Rhodes, anakumbapo n'kunena kuti omanga anali Afoinike kapena Aluya. Cholinga chake n'chosabisika: ukati munthu wakuda sangamange chotere, kumulanda dziko kumaoneka ngati chifundo. Koma akatswiri ofukula zakale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anakumba mosamala, napeza mbiya ndi zipangizo za anthu a kuno konkuno, makolo a Ashona. Zakunja zimene zinapezeka kumeneko ndi mikanda yagalasi, mbale za ku China ndi ku Persia, ndi ndalama ya ku Kilwa, mzinda wa Aswahili kugombe la Tanzania wa lero. Zimenezi zinabwera ndi amalonda Achiswahili, amene ankafikanso ku Sena ndi ku Tete Apwitikizi asanakhazikikeko m'zaka za m'ma 1530. Golide ankachokera kwa Mwenemutapa, minyanga yambiri kwa makolo athu Amaravi. Cha Afoinike sichinapezeke ngakhale phale limodzi.

Chimandiwawa n'chakuti ana athu akugawana uthengawu monyadira, osadziwa kuti ukuwalanda chawo. M'chigawo chathu chomwe chino, ku Songo kufupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli mpanda wamiyala wa mamangidwe a mtundu womwewo. Ndikupempha aphunzitsi anzanga amene adakali pantchito kuti akambirane ndi makolo, asonkhe ya chapa, apite ndi ana kumeneko nyengo ya mvula isanayambe. Inunso Akonzi, titumizireni mtolankhani akajambule.

Mphunzitsi wopuma,
Ulongwe, Angónia, Tete