Kalata kwa mdzukulu wanga: za simbi ya makala ija

Kawale,
Lilongwe.

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi makolo ako kumeneko ku Salima. Ife kuno tili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Amayi ako andiuza kuti wakhala ukufunsa chifukwa chimene ndimasungirabe simbi yakuda ija yokhala ndi tambala kutsogolo, chonsecho amalume ako anandigulira ina yamagetsi.

Simbi imeneyo anandipatsa ndi amayi anga m'chaka cha 1975, pamene likulu la dziko lathu linasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe, ndipo agogo ako aamuna, omwe anali kalaliki m'boma, anauzidwa kuti azidzagwira ntchito ku Capital Hill. Amayi sanali munthu wandalama ayi. Anachita kugulitsa nkhuku zawo kuti aigule, ndipo anandipatsa ataikulunga m'chitenje tili pokwerera basi, amvekere mkamwini wawo asamapite ku ofesi ndi malaya amakwinya.

Tambala ujatu sanamuike kuti angokongoletsa, koma ndiye amatseka chivindikiro kuti makala asakhuthukire pa zovala. Munthu amasankha makala amene afiira bwino pa mbaula n'kuwaika m'kati, kenaka amaigwedeza simbiyo uku ndi uku kuti mphepo ilowe m'mabowo a m'mbali, moto ukolere, phulusa lichoke. Asanaiike pa malaya oyera amayamba waipukuta kunsi pa kansanza. Zonsezi anandiphunzitsa ndi amayi, ndipo ankanenetsa kuti chovala chilichonse cha khanda chizisitidwa, chifukwa pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala zonyowa zikayanikidwa panja, mazirawo n'kusanduka mphutsi zolowa pakhungu; kutentha kwa simbi kumawapha. Matewera a amayi ako ndinkasita ndi simbi yomweyi, chimodzimodzinso yunifolomu yawo atayamba sukulu. Mpaka lero magetsi akazima ndiyo imandithandiza.

Komabe chimene ndimaikondera kwambiri ndi chogwirira chake chamtengo. Amayi akabwera kudzationa sankalola kungokhala, ankapempha zovala kuti asite okha, akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Pamene ankaika chala chawo chachikulu mpomwenso ine ndimaika changa, moti mtengowo unasalala n'kulowa m'kati pang'ono. Iwo anatisiya kalekale iwe usanabadwe, ndipo ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, choncho ndikagwira pamenepo ndimakumbukira nkhope yawo ndi mawu awo bwino lomwe. N'chifukwa chake sindingaitaye kapena kuigulitsa kwa anyamata oyenda m'makomo kugula zitsulo aja, ngakhale atatchula mtengo wotani.

Mukatsekera sukulu ubwere ndi yunifolomu yako, tidzasite limodzi. Makala ndidzaika ndine, pakuti ukadali wamng'ono ndipo simbiyo ndi yolemera. Iwe udzandithandiza kuwaza madzi ndi kupinda zovala. Undiperekere moni kwa abambo ako ndi amayi ako.

Ndatha ine,
Agogo ako.