Lipoti la msonkhano wa ma seva uja munanditumako

Anzanga nonse a m'gulu, muli bwanji. Ndabwerako kumsonkhano wa Loweruka uja ku Longacres, zikomo chifukwa cha ndalama ya basi munasonkha.

Nkhani inali ya mapulogalamu olowera mu seva imene ili kutali iwe uli khale pa desiki pako. Otiphunzitsa anayamba ndi PuTTY, tonse timaidziwa, inatuluka 1999 ndipo mpaka lero ikugwirabe ntchito, kungoti seva iliyonse windo yakeyake ndiye makasitomala akachuluka sikirini imadzaza osadziwanso kuti ya ku Kamwala ndi iti ya ku Matero ndi iti. Apa anatiwonetsa mRemoteNG, yaulere, SSH ndi RDP ndi VNC, njira zitatu zolowera mu kompyuta ya kutali, zonse mumatabu pamalo amodzi. Koma muikepo pasiwedi yanuyanu pa fayilo imene imasunga ma seva, mukaisiya mmene yabwerera aliyense wokopera fayiloyo atha kuitsegula. MobaXterm ndi yokongola, ukangolowa mafayilo a pa seva amaoneka pambali kumangokoka ndi mausi, koma yaulere imasunga ma session 12 okha, ndiye kuti malumikizidwe 12 a ku ma seva, ife tinadutsa kale pamenepo. A Linux anawauza za Remmina, sitinachedwepo.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa nkhani ya malaiti, poti ndiyo imatidwalitsa mutu kuno. Mayi wina amene amayang'anira ma seva pakampani ina analowa mu seva tonse tikuona, anayambitsa update mkati mwa tmux, pulogalamu imene imasunga ntchito ikuyenda ngakhale iwe utaduka, kenako anazula dala waya wa rauta. SSH inaduka pomwepo. Atalumikizanso analemba tmux attach, ntchito ija inali ikuyendabe, chifukwa tmux imakhala pa seva osati pa laputopu yako. Anthu anaomba m'manja. Anatchulanso Mosh, iyo imayenda pa UDP, njira ina yotumizira data pa intaneti, ndiye ukachoka pa wifi kupita pa hotspot ya foni siiduka, koma imafuna uiike pa seva ndi kutsegula ma port ena.

Tsopano za ife. Pasiwedi imodzi kumatumizirana pa WhatsApp tisiye, anthu anaseka atamva kuti ambiri timatero koma sizoseketsa ayi. Aliyense akhale ndi kiyi yake ya SSH yolowera m'malo mwa pasiwedi, ssh-keygen yopangira makiyiwo ilimo kale mu Windows 10 ndi 11, munthu akachoka m'gulu timangofufuta mzere wake mu authorized_keys, fayilo ya pa seva imene imasunga makiyi ololedwa, basi. Komanso port 3389, khomo la RDP, osaisiya poyera pa intaneti, mu 2019 bowo la chitetezo lotchedwa BlueKeep linapezeka pa RDP pomwepo mpaka Microsoft inatulutsa patch yotsekera bowolo ngakhale ya Windows XP.

Ine maganizo anga tisagule chilichonse pakali pano, titenge mRemoteNG ndi tmux, ndalamayo ipite ku batire ya rauta. A chair atiuze ngati Lachisanu lilipo kuti tipange makiyi limodzi, mubwere ndi malaputopu otchaja.