Ambulansi zonse pabwalo limodzi, nanga ife okhala kutali?

Akuluakulu oyendetsa ambulansi mumzinda uno, ndakulemberani ku inbox kawiri konse koma zii, ndiye ndati ndilembe pompano pa peji yanu kuti aliyense aone, mwina mukatero muyankha.

Lachiwiri lapitali bambo anga anagwa pabalaza atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, kupuma kukukanika. Ndinaimba nambala yanu pompo, foni yanga ikuonetsa 5:43 madzulo, ndipo mayi amene analandira foniyo anali aulemu sindingawanamizire, anafunsa mafunso awo bwinobwino n'kundiuza kuti galimoto yanyamuka. Ambulansi inafika 6:31. Mphindi 48 abale, munthu ali gone pansi ife tikungoyang'ana kugeti. Bambo ali moyo, ali ku wodi, koma adokotala ananena mosabisa kuti mtima ukanangoima panthawi imeneyo bwenzi tikukamba zina.

Adraiva anu sindikuwadandaula ayi, anafika atatopa ndipo anagwira ntchito yawo ndi mtima wonse. Ndi iwowo anandiuza kuti achokera kuchipatala chachikulu kumene galimoto zanu zonse zimaima, mbali ina ya mzinda, ndiye adutse pamlatho nthawi yoweruka ija magalimoto atathithikana, sairini ikulira koma anthu apatukira kuti poti palibe popatukira. Titafika kuchipatalako ndinawerenga ndi maso angawa, ambulansi 5 zitandanda pabwalo limodzi, zabwinobwino, zikungodikira foni. Ndiye chonde musadzandiyankhe zoti galimoto ndi zochepa, mwina ndi zochepadi, koma zochepazo bwanji mwaziunjika malo amodzi?

Inu mukudziwa kuposa ine kuti mtima ukaima ubongo umayamba kuonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6, ndipo mphindi iliyonse imene yadutsa popanda womuchita CPR, kuja komudinikiza pachifuwa kuti magazi aziyendabe, mwayi wopulumuka umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100 alionse. N'chifukwa chake maiko ambiri anatengera mphindi 8 ngati mlingo wa nthawi yoti ambulansi izifikira odwala matenda oopsa. Ku England kuyambira 2017 anati odwala amene moyo uli pachiswe azifikiridwa pa avereji ya mphindi 7, ndipo 9 mwa 10 alionse asapyole mphindi 15. Sindikuti mukhale England mawa lomwe, ndalama ndi misewu n'zosiyana ndikudziwa, koma nkhani yoika galimoto pamalo oyenera si ya ndalama zambiri. Ku New York anaifufuza kalekale mu 1969, pa kompyuta za nthawi imeneyo, n'kupeza kuti kungogawa ambulansi m'madera m'malo moziunjika pachipatala kumathandiza anthu msanga popanda kuononga ndalama zambiri. M'ma 1980 ku America komweko katswiri wina wa kayendetsedwe ka ambulansi, Jack Stout, anabwera ndi njira yoti ambulansi zizisuntha malinga ndi ola, kutengera kumene mafoni amakonda kuchokera nthawi imeneyo, ndipo imodzi ikanyamuka kukatenga wodwala ina imasendera kukatseka mpata umene wasiyidwa. Zaka zoposa 40 zapita izi zikudziwika, ife tidakali pa bwalo limodzi.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti zonse zofunika muli nazo kale. Foni iliyonse imene timaimba mumalemba, nthawi yake, dera lake, vuto lake, nanga mayi aja ankandifunsira chiyani zonsezi? Tengani mafoni a chaka chimodzi muwaike pa mapu muone pamene madontho achuluka, muone kuti Lachisanu usiku ngozi zimachitikira misewu iti, masana anthu amakhala ali kuti, usiku amagona kuti, chifukwa mzinda umasamuka, m'mawa anthu onse ali pakati pa tauni madzulo abwerera kumakomo kumene kulibe ambulansi ngakhale imodzi. Ndipo poyeza musayeze makilomita, yezani mphindi. Msewu womwewo 2 koloko usiku ndi mphindi 12, 5 koloko madzulo ndi ola lathunthu, ndiye pa pepala zimaoneka ngati tonse tili pafupi pomwe zoona zake ena tili kutsidya kwa jamu.

Ndikudziwa ena abwera mu komenti kuti adraiva ndi manesi sangakhale m'galimoto pamsewu tsiku lonse, ndipo akunena zoona, munthu amafuna chimbudzi, pokhala, chitetezo usiku, komanso podzadzira mankhwala ndi okosijeni. Koma nanga zipatala zing'onozing'ono za m'madera sizilipo? Kwa ozimitsa moto, kupolisi, malo onsewa ali ndi mpanda ndi magetsi kale, kungogwirizana basi kuti galimoto imodzi iziima pamenepo kuyambira 3 koloko masana jamu isanayambe. Olo njinga yamoto yokhala ndi wachipatala ndi kamakina kodzutsira mtima, monga amachitira ku London, ikhoza kulowa pakati pa magalimoto n'kuyamba kuthandiza ambulansi ikubwera m'mbuyo.

Chinanso, mumakonda kulengeza avereji ya mzinda wonse ngati kuti zonse zili bwino. Avereji imabisa zambiri akuluakulu, amene amakhala kuseri kwa chipatala akafikiridwa mphindi 5 ife mphindi 48 mukaphatikiza nambala imaoneka yokongola ndithu koma wofa amafa kwathu kuno. Tulutsani nthawi za dera lililonse palokha, mwezi ndi mwezi, tione tokha amene mwawaiwala.

Ndiye ndikufuna mundiyankhe pompano pagulu: ndani amasankha pamene ambulansi ziziima, anaunika liti komaliza, ndipo kumbali yathu ino ya mlatho mudzaikako liti ngakhale imodzi yokha nthawi yoweruka? Musandiuze zoti tumizani nambala ku inbox tikuimbirani, nambala yanga muli nayo kale, ndi yomwe inaimba Lachiwiri 5:43 ija.